Katoni ya Kachule

Kumbuyo kwa thebulo lodulira nsalu kunali misomali inayi pakhoma, ndipo pa msomali uliwonse pankalendewera katoni yake. Makatoniwo ndiwo anali muyezo wa maovololo a ana amene ankasokedwa m'shopumo. Matelala ena amayendera manambala, koma muno munali mayina. Ya khanda inali Phwiti. Yotsatira inali Kachule, kenako Tsabola, kumapeto Ndodo. Onsewo anali ana a m'banjamo, ndipo katoni iliyonse inatengedwa pa thupi la mwini dzina, tsiku limene anagwidwa, kugonekedwa pathebulo n'kuzunguliridwa ndi choko uku akuphiriphitha ngati nsomba.

Shopu inali ya mkulu wake wa make Phwiti, mayi wa mawu aakulu amene aliyense, ngakhale wowaposa zaka, ankangowatcha Achemwali. Koma sizasi inali ya make Phwiti. Sukulu anaisiyira panjira chaka chimene yunifolomu inayamba kumuthina pamimba, ndipo mkulu wakeyo anamutenga kuti azisesa ndi kusokerera mabatani. Sipanapite nthawi, zinadziwika kuti mtsikanayo ali ndi diso. Ankayang'ana mwana kamodzi n'kudziwa pamene nsalu idzamukokere akagwada. Makatoni onse anayi anadula ndi iye.

Makasitomala anazolowera. Mayi ankalowa n'kunena kuti wangayu watuluka mu Kachule, mundipatse Tsabola wabuluu, ndipo palibe ankaseka. Eni mayinawo nawonso anali atatuluka kalekale m'makatoni awo. Ndodo, mwana wa Achemwali, mawu anali atayamba kumusweka. Mlongo wake Tsabola ankakanitsitsa zoti iye anakwanapo m'kanthu kakang'ono choncho. Phwiti anali atayamba kuthamanga ndi kukalipira amphaka a eni ake. Kachule yekha ndiye sanatulukemo m'yake.

Anali mwana woyamba wa make Phwiti, uja wa yunifolomu. Dzinalo analipeza chifukwa cha kakwawidwe kake kodumphadumpha. Katoni yake inali yosiyana ndi zinzake: mapewa opanikizana, mikono yowonda, pamimba potambalala. Mayi wake ankadziwa chifukwa chake, popeza anachita dala. Matenda anali atamulowa m'mimba mwanayo, mimba ikukula, manja akutha, ndipo chilichonse chomugwira m'chiuno chinkamuliritsa. Ndiye tsiku lina anamugoneka pathebulo n'kulambalalitsa choko patali ndi mimbayo kuti nsalu isamukhudze. Kuchipatala matendawo anawatchula ndi dzina lalitali limene iye sanaligwire. Chimene anagwira n'chakuti mwanayo anapita asanakwanitse zaka zitatu. Katoni inatsala pa msomali, ndipo amayi a m'tauniyo anaikonda kuposa zonse, chifukwa thewera linkakwanamo bwino, ndipo mwana ankavala mpaka maondo a ovololo kubooka.

Kale anthu ankamutcha make Kachule. Atabadwa Phwiti, onse anasintha sabata imodzi ngati anachita kupangana. Iye sanawaimbe mlandu, ankadziwa kuti kwa iwo chinali chifundo. Kunyumba, bambo a Phwiti, amene ankagwira ntchito ya umakaniko, anachotsa chithunzi cha Kachule pakhoma n'kuchiika pansi pa zovala m'sutikesi, ndipo dzinalo silinatulukenso pakamwa pawo. Sanali munthu woipa. Chisoni chawo chinali cha mtundu womanga nsagwada. Choncho padziko lonse panatsala malo amodzi okha pamene dzina la mwanayo linkamveka tsiku ndi tsiku, popanda wina kutsitsa mawu, pakati pa phokoso la makina.

"Amake Phwiti, Kachule watha kuno. Kapena mukufuna ndizisoka mphepo?"

Amenewo anali a Bobini, telala wachikulire wa pamakina a pawindo, wamfupi ndi wobulungira ngati dzina lawolo. Ankakuwa choncho m'mawa uliwonse. Kachule watha, Kachule wofiira ali kuti, Kachule uyu lero akundivuta. Make Phwiti ankayankha mokalipa kuti manja ali nawo awiri okha ngati anthu ena onse, koma mumtima ankati nenaninso. Sanauzepo munthu kuti n'chifukwa chake ankafika woyamba pantchito, mwana kumsana, n'kumadikira makiyi pakhonde. Sanali mkazi wolira. Kulira, iye ankatero, sikudula nsalu.

Koma malonda anali akufa. Msika unadzaza ndi kaunjika komanso zovala za m'mapaketi zochokera kutali, zotchipa kuposa nsalu yosadula. Makina awiri anali atafunditsidwa ngati odwala, owapalasa atapita kukafuna zina. Masiku ena a Bobini ankaswera kuika zigamba pa mathalauza a anthu, ndipo wositira ankakoleza simbi kamodzi basi, n'kukhala pakhomo kuwerama. Achemwali anayamba kulankhula okha akamatseka mawindo.

Ndiye tsiku lina analongedza maovololo m'chikwama, nakwera basi yopita kutsidya kwa malire, ku dziko loyandikana nalo, kumene ankamva kuti anthu a m'mizinda akufuna zovala za ana zolimba. Anabwerako mapazi atatupa, mawu atasasa, koma maso akuwala. Anali atagogoda m'mashopu ambirimbiri. Ena sanawalole n'kutsegula chikwama komwe, ena anawafunsa kuti kwanuko kuli mafakitale kodi. Koma mayi wina wokhala ndi mashopu angapo a zovala za ana anatembenuza ovololo imodzi kuti aone mkati, nayang'ana msoko nthawi yaitali.

Kumeneko, Achemwali anafotokoza atanyika mapazi m'beseni, mlendo sangangofika n'kuyala malonda. Pamafunika mwini dziko woti uyende naye, ndipo mayiyo wavomera kukhala ameneyo. Pamafunika mapepala a pamalire. Pamafunikanso kalebulo kosokerera pakhosi pa chovala chilichonse, konena zaka za mwana ndi kachapidwe kake, m'chiyankhulo cha komweko. Koma asanasaine chilichonse, mayiyo abwera kudzaona yekha malo amene zinthuzo zimasokedwera.

A Bobini anati walira mvula walira matope. Komabe tsiku la mlendoyo anabwera atameta ndevu, atavala malaya amene aliyense ankawadziwa kuti ndi a maukwati.

Mlendoyo anali mayi wamtali, wa nsapato zafulati, tepi yoyezera ili m'khosi ngati mkanda, ndipo asanamalize kapu ya tiyi a Bobini anali atamupatsa kale dzina: Mayi Tepi. Sanali wonyada. Anapatsa moni aliyense, ngakhale wositira amene anabisala kuseri kwa chitseko, namusisita Phwiti patsaya. Koma maso ake sankapuma. Anakoka mabatani mmene amakokera mwana wolusa, ananunkhiza nsalu, anayendetsa chala m'misoko kufunafuna ulusi wokanda khungu. Iye ndi Achemwali ankamvana m'chiyankhulo cha m'maofesi, chimene make Phwiti anachisiya m'kalasi chisanapse. Ankangotola liwu apa ndi apo ngati nkhuku pabwalo losesa.

Atamva za mayina a makatoni, Mayi Tepi anaseka mpaka kugwira thebulo, nati zoterezi sanazionepo. Kenako anavula tepi ija m'khosi n'kuyamba kuyeza makatoniwo. Phwiti anapambana. Tsabola anapambana. Ndodo anangofunika kuwonjezera miyendo pang'ono, ndipo a Bobini anati zimenezo n'zoona, mnyamata ameneyo miyendo yake siimva kuletsa. Atafika pa Kachule, mlendoyo anayeza mapewa, anayeza pamimba, nabwereranso ku mapewa. Analankhula kanthawi ndithu, koma Achemwali, amene mpaka apo ankamasulira liwu lililonse, ulendo uno anangogwetsa maso pansi.

Make Phwiti sanafunikire womasulira. Manja a mlendoyo anali atajambula mimba m'malere, kenako zala ziwiri zinapana mkono wa katoni.

"Akuti chiyani, Achemwali?"

"Akuti ntchito yathu ndi yaudongo."

"Sukulu ndinasiya, koma manja ndimawamva. Akuti chiyani?"

Achemwali anamasulira, mawu ali pansi. Akuti mapewa ndi mikono n'za mwana wa chaka ndi theka, koma mimba ndi ya mwana wa zaka zinayi. Akuti kwawo mayi sabwera ndi mwana kudzayesa. Amawerenga kalebulo n'kugula chovala chili m'paketi, ndipo chikapanda kukwana amachibweza, osadzapondanso pakhomopo. Msinkhu umenewu ndiwo umayenda malonda kuposa yonse, choncho popanda kuukonza palibe chimene angatenge. Akuti mwina wodula sizasi inamuterereka, zimachitika. Apa Achemwali anaima. Koma mng'ono wawo anali akudikirabe, ndiye anamaliza: akuti palibe mwana woumbidwa chonchi.

Makina a a Bobini anasiya kulira.

"Analipo," anatero make Phwiti, osauza mlendo, osauza wina aliyense.

Achemwali anatembenukira kwa Mayi Tepi pakamwa patatseguka kale, koma mng'ono wawo anawagwira mkono.

"Musawauze."

Sankafuna kuti mwana wake awoloke malire ngati nkhani yokambirana pa tiyi. Sankafunanso kuti mayiyo atenge katundu wawo chifukwa cha chisoni, popeza wogula ndi chisoni amagula kamodzi. Ndiponso mlendoyo sanalakwe. Iye mwini, akanaona katoni yotero kwa telala wina, akanati wodulayo anali ataledzera. Anangoti auzeni kuti tikonza. Mayi Tepi anamwetulira, nalemba miyezo yoyenera pa kapepala, nasiya mpukutu wa nsalu yabuluu imene anabwera nayo kuti zitsanzo zisokedwe pa imeneyo. Zikafika ndi basi ya kumapeto kwa sabata n'kupezeka zili bwino, asaina.

Mlendo atapita, a Bobini anayesa kunena kuti mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, koma mwambiwo unagwa pansi popanda woutola.

Madzulo pakudya, make Phwiti anayesa kuikhudza nkhaniyo kunyumba. Anati kuntchito kunabwera mlendo uja, ndipo akufuna tisinthe katoni imodzi. Bambo a Phwiti anafunsa kuti iti. Iye anati yachiwiri. Iwo anatafuna nthawi yaitali, maso ali m'mbale, kenako anati galimoto imene akukonza ikuvuta magiya, mawa alawirira. Nkhani inathera pomwepo.

Achemwali ndiwo anapeza njira yozembera. M'mawa mwake anakhoma okha msomali wachisanu, nati padulidwe katoni yatsopano ya katundu wa kunja, Kachule akhale pomwe ali, azitumikira makasitomala a konkuno. Make Phwiti anavomera msanga, msanga kwambiri kwa munthu amene nthawi zonse ankauza anzake kuti mapanga awiri avumbwitsa. Anadula katoni yatsopanoyo potsata kapepala ka Mayi Tepi. Inatuluka yowongoka, yosalala, yonunkhira sopo amene anali m'bokosi limene anaidulako. Inalibe mwini. Poidula panalibe amene anaphiriphitha kapena kumukoka tsitsi.

Tsiku lotsatira anayala nsalu yabuluu ija, naipinda kangapo kuti adule zingapo pakamodzi monga mwa masiku onse. Phwiti anali akulira pansi pa thebulo chifukwa cha dzino, wositira akufunsa za makala, Achemwali ali pa foni kukangana ndi a mapepala a pamalire. A Bobini anakuwa kuti Kachule wa kunja uja ali kuti, basi siidikira munthu. Dzanja linamva dzinalo n'kupita lokha kumene lakhala likupita zaka zonsezi, pa msomali wachiwiri. Choko chinayenda, sizasi inadya nsalu. Anazindikira atanyamula mikono yodulidwayo, tinthu towonda, tolowa zala zitatu basi.

Pamimba pakanatheka kuchepetsa. Kumwambaku ayi, nsalu yodulidwa siimeranso. Anayang'ana chimene chinatsala pa mpukutu. Chinali chokwanira kudulanso, kungokwana ndendende, popanda malo olakwitsa kachiwiri.

Palibe anamukalipira, ndipo chimenecho ndicho chinamupweteka. Achemwali, amene ankatha kulongolola tsiku lonse chifukwa cha batani limodzi, anangotola zidutswazo n'kunena kuti izi tipangira matumba. A Bobini anati mlandu ndi wawo, pakamwa pawo ndi pamene panalakwa. Make Phwiti anakhala pampando, sizasi pamiyendo, n'kuyamba kuiyala nkhaniyo m'mutu mmene ankayalira nsalu. Lero ndi zitsanzo. Mawa adzakhala mabelo, ndiponso osoka atsopano pa makina ofunditsidwa aja, anthu osadziwa kuti Tsabola ndani. Wina adzakuwa dzina, dzanja lidzapita. Ovololo imodzi ya mimba yaikulu ikadzangolowa m'paketi yolembedwa zaka ziwiri, ulendo wonse wa Achemwali udzakhala wa mapazi otupa basi. A Bobini maso anali atayamba kuwachita nkhungu, kwina palibe angawalembe ntchito. Ndodo ndi Tsabola anali pasukulu. Phwiti, amene tsopano anali atagona pa mulu wa zidutswa, chala m'kamwa, anafunika kudya.

Anaganiza zopita nayo kunyumba katoniyo. Koma anaoneratu mmene zidzathere. Bambo a Phwiti adzaiona, adzatuluka panja osadya, ndipo m'mawa mwake idzapezeka m'sutikesi pamodzi ndi chithunzi, mumdima, pansi pa zovala zosavalidwa.

Masana, anzake atatuluka kukadya, anatsitsa Kachule pa msomali n'kumugoneka pathebulo. Katoniyo inali itafewa m'mbali chifukwa cha choko cha zaka zambiri, itada ndi thukuta la manja ake. Pachifuwa panali dzina, lolembedwa ndi zilembo zake zopendama. Pafupi ndi phewa panali timaenje tiwiri, pamene mwiniwake anailuma tsiku lomwe inadulidwa, poganiza kuti n'chakudya. Anaika katoni yatsopano pamwamba pake, nalemba mzere. Mimba inatulukira mbali zonse ziwiri ngati mwezi wongooneka kumene, uku wina, uku wina.

Achemwali anali asanapite. Anaima pakhomo, chikwama chili paphewa.

"Iwe, tasiya. Ndikhoza kuwaimbira mayi aja, ndiwauze kuti msinkhu umenewu tiusiye kaye."

"Mwamva nokha kuti ndiwo umayenda."

"Ndiye ingoitsitsa, ndikusungire m'kabati mwanga. Palibe angaikhudze."

"Chithunzi chake chili kale m'sutikesi, Achemwali. Uyu musiyeni azigwira nafe ntchito."

Anadula. Sizasi imene inkadya nsalu zopindapinda ngati masamba inachita ngati yabuntha, mpaka anagwira ndi manja onse awiri. Chidutswa choyamba chinagwa pathebulo, kenako chachiwiri. Sanali munthu wotaya chinthu. Anatenga zidutswa za pamimbazo, anaziwongola, nazimata ndi guluu m'mbali mwa mikono ndi m'mapewa kufikira zinafika pa muyezo wa Mayi Tepi. Anatsamiritsapo simbi yozizira kuti zigwirane.

Atachotsa simbiyo, pathebulo panagona mwana amene iye sanamuonepo: mimba yabwinobwino, mikono yonenepa, mapewa oti n'kunyamula kachidebe potsanzira amake. Zimene zinakanika m'chipatala miyezi yonse ija zinatheka ndi sizasi ndi guluu, anthu asanabwereko kokadya. Anamuyang'ana nthawi yaitali. Amene analira anali Achemwali, atatsamira chitseko, mpango uli kukamwa.

Katoni yopanda mwini ija anaipinda n'kuisiyira wositira kuti akolezere makala. Msomali wachisanu anauzula. Kenako anatembenuza makatoni onse anayi, mayina kuyang'ana kukhoma, napatsa Achemwali cholembera kuti alembe zaka kumsana kwake, popeza iwo ndiwo anali ndi zilembo zowongoka. Ena atabwera, anawauza yekha ali chilili kuti kuyambira lero muno mulibe mayina, muli zaka. Zimene zalembedwa pa kalebulo ndizo zizituluka pakamwa, ndipo wotchula dzina azigulira onse tiyi. A Bobini anafunsa ngati nawonso azitchedwa ndi zaka zawo, chifukwa ngati ndi choncho kalebulo sikakwana. Anthu anaseka pang'ono, poti panafunika kuseka.

Ovololo yoyamba itatuluka pamakina panafunika mwana woyesera, ndipo mwana analipo mmodzi yekha. Make Phwiti anali atauzemba msinkhu umenewu miyezi yambiri. Mwanayo atatuluka m'katoni ya khanda, ankamuveka madiresi a pakaunjika, iye mwini ali wodula m'shopu ya telala, n'kumanamizira kusowa nthawi. Tsopano anamudzutsa, anamulowetsa miyendo, anakoka mikono, anamanga mabatani. Inakwana ngati anabadwa nayo. Phwiti anadziyang'ana, anadzisisita pamimba, nathamangira kwa a Bobini kukawaonetsa matumba. Pothamangapo anapunthwa pa waya wa makina, nagwa chogwada, nadumpha kawiri ndi manja ndi maondo asanadzuke. Mayi wake anatembenuka, natenga tsache n'kuyamba kusesa pansi posesa kale.

Zitsanzo zinakwera basi. Yankho linabwera pa foni: Mayi Tepi asaina, ndipo akuti wodula wanuyo mumugwiritsitse, wakonza bwino kwambiri. Achemwali anaufikitsa uthengawo akuyang'ana pawindo. Make Phwiti anati muwathokoze.

Makina aja anavundukulidwa, panakhala osoka awiri atsopano. Timalebulo tinabwera m'mipukutu, tolembedwa m'chiyankhulo chimene a Bobini ankachiwerenga mokweza ngati pemphero, n'kumaliza ndi ameni. Mabelo anayamba kutuluka pakhomo, simbi osazimanso mpaka madzulo. Achemwali anasiya kulankhula okha, poti tsopano anali ndi anthu okwanira owakalipira. Masiku oyambirira a Bobini ankayamba kuti "Ka…" n'kutsokomola, n'kumaliza kuti ya zaka ziwiri yatha kuno. Anagula tiyi kangapo ndithu. Make Phwiti ankakayikira kuti nthawi zina ankachita dala, ndipo tiyi ameneyo ankamumwa pang'onopang'ono mpaka kuzizira. Kenako lilime lawo linazolowera, monga amachitira malilime onse. Iye anasiya kufika woyamba pantchito.

Tsiku lina m'shopumo munalowa mayi wa makasitomala akale, amene anasowa nthawi yaitali, atagwira dzanja mwana wamng'ono. Anapeza mmodzi wa osoka atsopanowo pakauntala, namuuza kuti akufuna Kachule wobiriwira. Wosokayo anayang'ana mnzake poganiza kuti akumuseweretsa, nati mayi, muno ndi mwa telala, za achule mukafunse kudambo.

Make Phwiti anali pathebulo, sizasi ili pakati pa nsalu. Dzinalo linamupeza kumsana ngati dzanja lofunda. Anaima osatembenuka, kudikira kuti mwina mayiyo abwereza. Anabwerezadi, mokweza, akuloza kukhoma kumene makatoni anali atafulatira: Kachule, uja wa pa msomali wachiwiri, kodi munasiya kusoka?

Anaika sizasi pansi, anapukuta choko m'manja, napita kukauntala. Anamuyang'ana mwanayo kamodzi, mapewa, mimba, maondo, ndipo yankho analidziwa kale. Koma osoka atsopano aja anali akumvetsera, ndipo lamulo anaika yekha.

"Ali ndi zaka zingati, mayi?"